Tsiku Limene Kompyuta Inameza a Awa

Hidaya, mwana wa mlongo wanga Ajira, lero ndi mayi wolemekezeka ku Mangochi boma. Ali ndi kasukulu kake kophunzitsa kompyuta kuseri kwa msika, amavala magalasi a chingwe, ndipo ana ake amaganiza kuti anabadwa ali choncho, magalasi ndi chingwe chomwe. Ine ndine malume wake, ndinalipo kuyambira pachiyambi, ndiye ndiloleni ndiwongole mbiri isanapotoke.

Anabadwira ku Nkhudzi chaka chimene usipa unachuluka mpaka agalu ankayamba aununkhiza kaye n'kusankha wonona. Ana ena amabadwa akulira. Uyu anabadwa akupereka moni. Azamba amene anamulandira akadalipo, kawafunseni: mwanayo atangotuluka anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti m'nyumbamo onse ndi akuluakulu, ndiye anayamba wapepesa kaye powachedwetsa kumunda, kenaka n'kulira chapansipansi kuti asasokoneze oyandikana nawo.

Ulemu umenewu sunamusiye. Mbuzi ya bambo ake inkamuposa ndi miyezi itatu, choncho mpaka tsiku limene tinaidya ankati, “A Mbuzi alowa m'munda wa chinangwa.” Poithamangitsa ankayamba ndi odi.

Atamaliza Fomu 2 anapita ku boma kukaphunzira kutayipa. Zala zake, abale! Aphunzitsi ake ankaika beseni la madzi pambali pa makina kuopa moto. Ena amati ndimawonjezera. Chabwino, linali botolo.

Chaka cha 1992 mvula inatikana, ndipo nkhondo ya ku Mozambiki inali isanathe. Anthu ankalowa pa Chiponde tsiku ndi tsiku, ena ndi mtolo pamutu, ena ndi ana okha. Bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linkagawa chakudya kamodzi pamwezi kumsasa wa pafupi ndi malire: ufa, nandolo, mafuta ndi mchere. Lamulo lake linali louma. Dzina la mutu wa banja likapezeka pamndandanda wosindikizidwa ndi kompyuta, wokhala ndi chidindo, banjalo lidya. Likapanda kupezeka, bwererani, tionane mwezi wamawa.

Pulogalamu yosunga mayinawo inapangidwa ndi kakampani kena kamene sinditchula dzina, poti ena mwa eni ake ali moyo ndipo anasiya zoipa. Kampani imeneyi inali ngati nyama yogawidwa pa sadaka, mwendo uku, chiwindi uko. Ku Blantyre kunali a Dorika, mayi wa ku Dedza wanzeru zoopsa, amene ankalemba theka la pulogalamu. Theka linalo linkalembedwa ku Harare ndi bambo amene palibe anamuonapo nkhope. Mawu ake ankabwera pa fakisi, makina aja otumiza kalata pa waya wa telefoni, ndiye tonse tinkangoti a Fakisi. Ena ankati ndi mzungu, ena ankati ndi mmwenye. Ine mpaka lero ndimakhulupirira kuti anali makinawo basi. Ndipo ku Namwera, m'kachipinda ka kuseri kwa shedi ya fodya, munali Hidaya wathu, kompyuta imodzi ndi jenereta yachifuwa. Ntchito yake inali kutayipa mayina ndi kusindikiza mndandanda.

Akuluakulu awiri aja akasintha kanthu mu pulogalamu, ankakatumiza pa disiketi, kachinthu kakuda kophwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa ndi lole. Disiketi inkabwera ndi aliyense amene akulowera ku Namwera: kondakitala wa basi, dalaivala wa lole ya chimanga, shehe wochokera ku ukwati. Ina ndinabweretsa ine m'dengu langa la usipa, ndipo kompyuta inanunkha nsomba mpaka amphaka a m'shedimo anaphunzira kutayipa. Kalata yofotokoza zimene zasintha, ayi, kunalibe. Pamwamba pake ankangolemba kuti “Yatsopano.” Ina ikabwera, “Yatsopano kwambiri.” Ina, “Yatsopano yeniyeni, zinazo tayani.” Ya ku Harare inkabwera payokha, ya ku Blantyre payokha, ndipo eni akewo sankauzana kanthu, ngati akazi a pamitala amene aliyense amabwera panthawi yake kudzathira mchere mu ndiwo zomwezo.

Tsono mlandu unayamba ndi mwana wathu yemweyu, tisabise. Mafomu ochokera kumsasa ankaonetsa dzina ndi zaka. Hidaya akaona kuti Paulo, zaka 61, zala zake zinkauma. Munthu wa imvi, iye n'kungolemba Paulo, ngati akutuma kamwana kukatunga madzi? Kabokosi kolembamo dzina sikankalola mpata, choncho ankalemba Apaulo. Eduardo wachikulire anakhala Aeduardo, Isaura wa zidzukulu anakhala Aisaura. Koma mafomu ena a anthu omwewo ankatayipidwa ku ofesi ya ku boma ndi munthu wosaopa imvi, ndipo kompyuta, poti sinavinidwe, inaona Paulo ndi Apaulo ngati anthu awiri. Bungwe linadandaula ku kampani kuti nkhalamba za ku Chiponde zayamba kubadwanso mapasa.

A Dorika atamva anati zosavuta. Kwawo ku Dedza, A wa kutsogolo kwa dzina ndi chipewa, ukalowa m'nyumba umavula. Analamula pulogalamu kuti dzina lililonse loyamba ndi A, A ameneyo achotsedwe. Sankadziwa kuti kuno kwathu A nthawi zambiri si chipewa, ndi mutu weniweni. Sabata yomweyo a Fakisi, osauza munthu, anaona kuti jenereta ikatsokomola, m'kompyuta mumatsala tizidutswa ta mayina, ka x apa, ka zz apo. Iwonso analamula kuti dzina losakwana zilembo zitatu ndi zinyalala, litayidwe. Madisiketi onse awiri anafika Lachisanu, imodzi “Yatsopano,” inayo “Yatsopano ndithu.” Hidaya anawalandira ndi manja awiri, Loweruka n'kuwalowetsa onse m'kompyuta, n'kusindikiza mndandanda, n'kukadinditsa kwa mkulu wa bungwe.

Lolemba linali tsiku logawa. Woitana mayina kumsasa anali Avelino, mphunzitsi wa ku Mandimba amene anathawa nkhondo ndi njinga yake ndi mawu ake. Mawu amenewo sankafuna chimkuzamawu. Akaitana pa Chiponde, a ku Namwera ankayankha.

Anaimirira pa benchi, natsegula pepala. Mayina oyamba anayenda bwino. Kenaka anafuula, “Velino!”

Zii.

“Velino!”

Anaitana katatu, n'kuyamba kudzudzula anthu amene amagona pamzere, mpaka mkazi wake Leticia anakuwa ali kumbuyo kwenikweni: “Bambo a Sara, ndinu amene! Dziyankheni, tikudikira ufa!”

Kuyambira pamenepo msasa unangokhala phwete lokhalokha. Tumani! Mida! Biba! Siatu! Che Atumani, amene ankatsogolera mapemphero a swala kumsasako, anaimirira mwaulemu n'kunena kuti nkhondo inawalanda nyumba ndi mbuzi, koma A wawo anawoloka naye malire bwinobwino, ndiye amene wamutenga abweze, sadzamufunsa mafunso. Kalaliki wa kunkhokwe anaseka nawo, ndipo poti manambala a makadi ankagwirizana ndi a papepala, onse odulidwa mitu analandira chakudya chawo.

Mndandanda utatha, mabanja khumi ndi limodzi anali akadali pamzere. Onse anali a Ali ndi a Awa. Chotsani A pa Ali, patsala Li. Chotsani A pa Awa, patsala Wa. Zilembo ziwiri, zinyalala. A Dorika anavula chipewa, a Fakisi anasesa munthu, aliyense kwake akudziyamikira kuti sabata ino wagwira ntchito. Ndipo tisaiwale kuti Awa ndi dzina la mkazi wa Adamu, mayi wa anthu onse. Chigumula cha Nuhu chinalephera kulifafaniza, koma kampani ya anthu atatu inakwanitsa pa Loweruka limodzi.

Mabanja enawo anali ndi abale oti n'kuwabwereka kambale ka ufa. Amene analibe aliyense anali a Awa ena, mayi wamfupi, wouma ngati mtengo wa nandolo, amene anayenda masiku asanu ndi anayi m'tchire ndi zidzukulu zinayi, makolo a anawo osadziwika kumene ali. Ufa wawo unatha Loweruka. Apa sindikuwonjezera kanthu.

“Amayi, dzina lanu mulibe,” anatero kalaliki.

“Ndili pano,” anatero a Awa, m'Chichewa chawo chopendekera ku Chiyao.

“Pano mulipo, koma papepala palibe.”

“Nanga amadya ndani, pepalalo kapena ine?”

Kalaliki anakanda m'mutu. Sanali munthu woipa, koma thumba lililonse lotuluka linkafuna dzina lake pamndandanda. Anawauza kuti nkhokwe itsekedwa Lachitatu masana, ndipo zotsala zikwera lole kupita kumsasa wina. Likabwera pepala lachidindo nthawi imeneyo isanakwane, alandira. A Awa anayala thumba lawo lopanda kanthu pakhomo pa nkhokwe, n'kukhalapo, zidzukulu ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali iyo.

Avelino anakwera njinga mpaka ku Namwera kukamuuza Hidaya. Ine ndinali pakhonde pa shedi ndi dengu langa, ndiye zotsatirazi ndinaziona ndi maso. Hidaya analiza jenereta, natayipa Awa, nadinikiza batani losungira. Dzina linaphethira kamodzi n'kuzimiririka. Anatayipanso. Linapita. Kasanu ndi kawiri konse kompyuta inameza a Awa osatafuna, ndipo ndikulumbira kuti kachisanu ndi chiwiri inageya.

Lachiwiri m'mawa Hidaya anapita ku positi, kumene kunali telefoni yokhayo yofika ku Blantyre. Mzere unali wautali moti womaliza anali ataima m'dziko la Mozambiki. Nthawi yake itakwana, anayamba monga mwa chikhalidwe chake.

“Mwadzuka bwanji, madamu? Kunyumba adzuka bwanji? Nanga ana?”

“Hidaya, nena msanga, waya ukudukaduka,” anatero a Dorika.

“Pepani. Awa palibe pamndandanda.”

“Awa ati?”

“Awa amene. A Awa.”

“Ukuloza ndani? Ine ndili ku Blantyre, chala chako sindikuchiona!”

“Sindikuloza, madamu. Awa ndi dzina.”

“Dzina la ndani?”

“La Awa.”

Mkulu wa positi, amene ankamvetsera monga mwa masiku onse, anagwa pampando. Panapita mphindi zingapo kuti a Dorika amvetse kuti pali mayi wamoyo, wa mano ndi zidzukulu, dzina lake Awa. Atamvetsa anadzitchinjiriza.

“Ine ndinangochotsa A. Munthu sindinafufute. Mwina ndi a ku Harare, sindikudziwa zimene anatumiza kumeneko. Ndiwalembera fakisi, ayankha sabata yamawa.”

“Zikomo kwambiri, madamu, ndikudziwa kuti muli ndi zambiri. Kungoti ana anayi aja akhala pakhomo pa nkhokwe chiyambire dzulo. Ndikawauze kuti mimba zawo zidikire fakisi?”

Kwa munthu wina amenewo ndi mawu wamba. Kwa Hidaya kunali kumenya munthu ndi nkhafi. Kenaka a Dorika anati, “Yesa njira iliyonse. Ine ndiyamba kufufuza kuno.”

Hidaya anabwerera ku kachipinda kake n'kukhala pansi, manja pamiyendo. Avelino anapereka nzeru yoti alembe Hawa, koma kadi ya a Awa inkati Awa, ndipo kalaliki akanakana. Ine ndinapereka nzeru yoti kompyutayo tiiopseze ndi chikwanje. Palibe anandithokoza. Patapita nthawi Hidaya anapuma mozama n'kunena, ngati akudziyankhulira yekha, “Komatu ndawalakwira amayi aja. Kasanu ndi kawiri konse ndawalemba dzina lili mbulanda, ngati ndi mnzanga wosewera naye.”

Zala zinapita zokha. Analemba Aawa, nadinikiza batani. Kompyuta inadya A woyambayo, inakhuta, n'kusiya Awa, zilembo zitatu zathunthu. Tsache la a Fakisi linadutsa osawakhudza. Dzina linaima pamenepo, lobiriwira, likutiyang'ana.

Avelino anafuula mawu a Chipwitikizi amene anagwetsa fodya yense m'shedi. Hidaya sanafuule. Anangopitiriza kutayipa, Aali, Aali, Aawa, mpaka mabanja onse khumi ndi limodzi anabwerera m'dziko la amoyo.

Mkulu wosunga chidindo anali atapita ku boma, ndipo anabwera Lachitatu dzuwa litakwera kale. Atangodinda, Hidaya anakhala pa kaliyala ya njinga ya Avelino, pepala m'chitenje, ndipo Avelino anapalasa mpaka matayala anapempha madzi. Anafika pa Chiponde anthu akukweza matumba otsala mu lole. A Awa anali pomwe paja. Kalaliki anawerenga pepala kawiri, natsitsa matumba. Mwana wamng'ono pa zidzukulu zija anapisa dzanja mu ufa wosaphika n'kuika m'kamwa, ndipo palibe anamuletsa.

Munthu wina akanabwerako akuvina. Hidaya anabwera nkhope ili pansi, ngati wafetsa nkhuku ya eni.

“Nanga chavutanso n'chiyani, iwe?” ndinamufunsa. “Wapulumutsa mayi wa anthu onse.”

“Amalume, ndangomata ndi matope. A Dorika adzakonza cholakwa chawo, adzabweza A aliyense amene anachotsedwa. A Awa adzasanduka Aawa, kadi yawo ikuti Awa, ndipo adzasowanso. Disiketiyo idzabwera Lachisanu yolembedwa kuti Yatsopano, ine n'kuilowetsa, ndipo tidzadziwira kunkhokwe, ana ali pamzere.”

“Ndiye uchita bwanji?”

“Ndiwalembera kalata.”

Kalata imeneyo ndinaiona. Tsamba loyamba lonse linali moni, mpaka kwa agalu a ku Harare. Mpeni unali patsamba lachiwiri. Anayamba n'kuvomera kuti Apaulo anabadwa ndi zala zake, ndipo anapempha kabokosi kapadera koikamo A waulemu, kuti munthu athe kulemekeza akulu popanda kuwabereka kawiri. Kenaka anati disiketi iliyonse izikhala ndi nambala ndi tsiku, ndipo iziyenda ndi kope lolembedwa zimene zasinthidwa, m'mawu oti ngakhale wogulitsa usipa amve. Sindinakhumudwe. Za ku Harare zizidzera ku Blantyre, awiriwo azionana ntchito, aziphatikiza, kuti ku Namwera kuzifika disiketi imodzi yokha. Koma chachikulu chinali chomalizira. Disiketi isanakhudze mndandanda weniweni, iziyamba yayesedwa pa mndandanda wapadera wa mayina ovuta, ndipo mayinawo aziitanidwa mokweza eni ake ali pomwepo, masiku awiri lisanafike tsiku logawa. Mmodzi akapanda kuyankha, disiketiyo ibwerere kumene yachokera. Anatsiriza popepesa kuti mpaka zimenezi zitatheka, kompyuta ya ku Namwera yayamba swaumu, siilandira kanthu m'kamwa.

A Fakisi anayankha ndi fakisi yaitali ngati ukonde, kufotokoza kuti zimenezi zichedwetsa ntchito, ndipo kuti iwo anaphunzira za makompyuta kunja kwenikweni. Sabata yomweyo anatumiza disiketi ina, “Yatsopano yomaliza.” Hidaya anailandira ndi manja awiri, anathokoza dalaivala, n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Tebulo linaima nji. Aka kanali koyamba kuti disiketi ya ku Harare ikonze chinthu popanda kuwononga china.

A Dorika ndiwo anagonja poyamba, ndipo tiwayamikire. Anakakamiza a Fakisi kutumiza gawo lawo ku Blantyre, anaphatikiza, analemba nambala 1 pamwamba, anagula kope, ndipo m'malo mopatsira kondakitala anakwera basi okha. Anafika ku Namwera Lachisanu, kutatsala masiku atatu kuti agawe, atavala nsapato za gogoda ndi bulauzi yopyapyala, poganiza kuti Mangochi yense ndi ng'anjo. Mphepo ya ku Namwera ya mwezi wa Julaye inawalonjera mpaka mano awo ankatayipa okha. Hidaya anawafunditsa chitenje cha mayi ake.

Loweruka m'mawa Avelino anabwera ndi anthu khumi ndi awiri pa lole ya bungwe. Panali Che Atumani, a Paulo enieni a zaka 61, a Ali awiri, mtsikana wina dzina lake Asiatu, ndi a Awa, amene anakana kusiya zidzukulu, ndiye anabwera nazo zonse. Anakhala pa mabelo a fodya m'shedi. Hidaya analowetsa disiketi nambala 1, nasindikiza mndandanda woyeserera, napatsa Avelino.

“Avelino!” anadziitana yekha, n'kudziyankha mwachimwemwe kuti alipo.

“Atumani!”

“Alhamdulillah, wabwera,” anatero Che Atumani, akudzisisita pamutu.

“Paulo!” Kamodzi kokha. A Paulo anadandaula pang'ono kuti mapasa awo anali munthu wabwino, sankadya zambiri.

Avelino anawerenga mpaka pansi pa pepala, natembenuza, kuseri kulibe kanthu. A Ali awiri aja anayang'anizana. A Awa anali pa belo lawo, dzina lawo losaitanidwa, manja ali pa mutu wa kamdzukulu. Zinachitika ndendende monga Hidaya ananenera. A Dorika anabweza A kwa onse, a Awa n'kusanduka Aawa, a Ali n'kusanduka Aali, ndipo a Fakisi anali atawonjezera lamulo loti dzina losiyana ndi la pakadi liziikidwa pambali. M'kope munalembedwa zonse ziwiri, tsamba ili ndi tsamba ilo, koma panalibe amene anaziwerenga pamodzi akuganizira a Awa.

A Awa anatembenukira kwa mlendo wa chitenje chobwereka.

“Mwanangu, ndinu amene mumandidya mwezi ndi mwezi?”

A Dorika, mayi amene ankakangana ndi mabwana a ku Blantyre m'Chingerezi osaphethira, anasowa poyang'ana.

“Ndine, amayi. Ine ndi mnzanga wa ku Harare.”

“Mwakhuta?”

“Takhuta, amayi. Pepani.”

“Ndiye ndilavuleni. Lolemba ndikufuna ufa.”

A Dorika anavula nsapato za gogoda, nakoka mpando pafupi ndi Hidaya. “A Hidaya, tabweretsani makadi onse khumi ndi imodzi,” anatero, ndipo ine ndinamva bwinobwino A ameneyo, woyamba kuchokera ku Blantyre. Anagwira ntchito awiriwo, wina akuwerenga kadi, wina akukonza, jenereta ikutsokomola panja. Leticia anawiritsa mbatata kuti oyembekezera asakomoke. Chilichonse chimene a Dorika anasintha, Hidaya ankachilemba m'kope, ndipo tsambalo linatumizidwa ku Harare kudzera ku boma kuti a Fakisi asadzathirenso mchere wawo.

Mwambo umenewu unakhazikika m'kampanimo mpaka othawa nkhondo anabwerera kwawo. Disiketi iliyonse, ngakhale yopita kumisasa ya ku Nsanje, inkayamba yadzera ku Namwera, ndipo funso linali limodzi: “Awa ayankha?” A Fakisi, posadziwa Chichewa, anaganiza kuti ndi mawu a zamakompyuta, ndiye ankawalemba pansi pa fakisi iliyonse m'zilembo zazikulu. Ndimamva kuti anakawaphunzitsanso ku yunivesite ina kutsidya kwa nyanja yamchere, koma zimenezo ndilibe nazo mboni.

Tibwerere ku Loweruka lija. Dzuwa litapendeka pang'ono, makina osindikizira analira, pepala latsopano linatuluka, ndipo pa disiketi panalembedwa nambala 2. Avelino anakwera pa belo la fodya, natsokomola kukonza kukhosi. A Ali oyamba anayankha. A Ali achiwiri anayankha.

“Awa!”

Zii.

A Dorika anagwira tebulo. Hidaya anasuzumira papepala, dzina lilipo, zilembo zitatu, nambala ya kadi yomweyo. A Awa anali pa belo lawo, maso ali gwa pa Avelino, kukamwa kuli kotseka.

Hidaya anapita n'kugwada pambali pawo. “Amayi, akukuitanani.”

“Ndamva,” anatero a Awa. “Muuzeni aitanenso. Ndikufuna ndilimve bwino.”

Avelino anakoka mpweya wonse wa ku Namwera n'kuitananso, ndipo malata a shedi ananjenjemera.

“Ndilipo,” anatero a Awa. Anaimirira, nakutumula fodya pa chitenje chawo, n'kuuza zidzukulu kuti zikwere lole, Lolemba kuli kulawirira ku mzere.